Chidwi cha aMulenga

Nyimba

Yotamu mwana wanga,

Ndakhala pakhonde ndi pepala ili pamene iwe wapita kukatsazika anzako. Zimene ndifuna kukuuza ndayesa kuziyamba ndi pakamwa sabata yonse ino, koma ndikangoti nditsegule pakamwa umati, "Amama, imwe mumaopa vilivonse," n'kutuluka panja. Pepala lilibe miyendo, likudikila. Uliwelenge uli wekha, ndipo ukamaliza ulisonkheze pamoto wa tiyi. Nkhani yake ndi imodzi chabe. Mailo kukacha ukukwela Landilova ya aMulenga kupita ku koleji ku Lusaka, ndipo mtima wanga wakana kukhala pansi.

Tsiku lija ndinakufunsa chimene bambo ameneyu akufuna kwa iwe, unandiyankha kuti, "Ali nane chidwi chabe, palibe vina." Mau amenewa ndagona nawo, ndadzuka nawo. Kwathu ku Msanzala, ndili kamtsikana, sindinawamvepo pakamwa pa amai anga. Ndinakawatola kusukulu, m'mabuku a Chinyanja, ndipo aphunzitsi ankawachula ngati chinthu chabwino chokhachokha. Mwana wachidwi ndiye amakhoza mayeso, nkhani yochititsa chidwi ndiyo yosagonetsa tulo. Ine sukulu sindinafike nayo patali, ndiye ukakafika kumeneko ukafunse odziwa kumene mauwa anachokela. Koma kwa ine anachokela m'maso. Munthu akaona chinthu n'kuiwala kuphethila, timati wachiyang'ana dwii. Dwii ameneyo akatsika m'maso n'kukakhala mumtima, ndiye chidwi. Tsono mwana amayang'ana dwii gulugufe, nayenso mphaka amayang'ana dwii pauna wa mbewa. Ukaona maso okha sungadziwe amene ali mwana ndi amene ali mphaka.

Iwe chidwi unabadwa nacho, ndipo sindikuchidandaula. Uli wamng'ono unamasula tochi ya atate ako kuti uone kumene kuwala kumagona masana, n'kulephela kuibweza. Unafunsa abusa pamaso pa mpingo wonse kuti Yona ankapuma bwanji m'mimba mwa nsomba. Anthu ankati ndikumenye, ine ndinkati musiyeni, safunsa anadya phula. Chidwi chimenecho ndicho chakufikitsa pamene palibe wa m'banja mwathu anafikapo, ndipo ndikakuyang'ana mtima umandidzala. Chimene ndikukulembela lelo si chidwi chako. Ndi chidwi cha anthu ena pa iwe. Kumbukila bwino kusiyana kumeneku.

Nditangokwatiwa, ufulu uli wauwisi, tinali ndi nkhumba kumudzi. Atate ako anamanga khola labwino, la mitengo ya mopane, ndi chitseko chotsekela mkati mochenjela. Tsiku lina kunafika munthu wa njinga wogulitsa kapenta. Sanayang'ane ine, sanayang'ane nkhokwe, anangoima pakhola paja dwii. Anati sanaonepo khola lotele kuyambila ku Petauke mpaka ku Sinda, ndipo anapempha kuti ndimuonetse kamangidwe kake kuti akamange lake. Ine kumva mwamuna wanga akutamandidwa, mutu unakula. Ndinamuzungulitsa khola lonse, ndinamuonetsa katsegulidwe ka chitseko, ndinamuuzanso kuti galu wathu ndi wamantha, amauwa ali pansi pa nkhokwe. Ndinamupatsa madzi akumwa ndi nsawawa zokazinga. Mwezi usanathe tinadzuka khola lili pululu, chitseko chotsekedwa bwinobwino monga ndinamuphunzitsila. Atate ako amaseka nkhani imeneyi mpaka lelo, amati wakuba uja anali wophunzila wanga woyamba kukhoza. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti munthu uja sananame. Chidwi anali nachodi, ndipo chinali chachikulu kuposa cha munthu wongodutsa.

Nkhani yachiwili umaidziwa mbali imodzi, chifukwa unali wamng'ono ndipo m'nyumba muno sitiikamba. Umadziwa kuti atate ako anali kalaliki kudepoti ya chimanga, kenako anachoka panyumba nthawi yaitali, atabwela anayamba kulima nthochi kudimba. Lelo ndikuuza chimene chinawachotsa. Kunali malilo ku Mwape, kwa abale a atate ako. Ukudziwa mmene chimbuya chimakhalila pakati pa ife a kum'mawa ndi Abemba. Mbuya ali ndi ufulu pa iwe. Angakuthile unga kumutu pamalilo a mai ako, angakulande chisoti, angakutukwane kuti ndiwe wodya mbewa, iwe n'kumubwezela kuti iye ndi wodya anyani, ndipo wokwiya ndiye wopusa. Mwambo umenewu ndi wabwino, umapepusa chisoni, ndipo ine ndimaukonda. Koma uli ndi khomo limodzi losatseka. Mbuya akakuputa, sungakhale chete. Kukhala chete ndiko kugonja, ndipo anthu amakuseka.

Pamalilo paja panali Mbemba wina amene ankati amagwila nchito yokonza mseu. Anali wanthabwala, anaseketsa ngakhale ofedwa. Anakhala pafupi ndi atate ako n'kuyamba. "Imwe a kum'mawa, chimanga chonse mulima chiyenda kuti? Kapena mbewa zanu zadya?" Anthu anaseka. Anapitiliza. "Kalaliki, tiuzeni, masaka yangena mudepoti, manje unga mu shopu ulibe. Mwabisa kuti?" Poyamba atate ako anangomwetulila. Ife amai tinali chapafupi, ndipo tonse tinali kuwasonkhezela kuti asagonje kwa wodya anyani, inenso ndinali momwemo. Ndiye anayankha. Anati mbewa zimene zikudya chimanga si za kumunda, ndi mbewa zovala masuti, zoyenda ndi kadi ya chipani m'thumba, ndipo zina zake ndi zazikulu kwambili zokhala ku Lusaka. Panagwa phwete lalikulu. Mbemba uja anaseka mpaka kugwila pamimba, n'kufunsa kuti, "Monga ndani na ndani?" Atate ako anachula maina awili.

Sipanapite nthawi, panafika galimoto pakhomo. Anthu ake anali aulemu, anati angofuna kufunsa timafunso pang'ono ku boma. Mbewu zinakhwima, tinakolola, atate ako kulibe. Ndinayenda maofesi mpaka zidendene kung'ambika, uku iwe uli kumsana, aliyense akundiuza kuti sakudziwa kanthu. Atabwela anali owonda, nchito inali itatha, ndipo munthu amene ankadzaza bwalo ndi nthabwala anakhala wa mau owelengeka amene ukuwadziwa lelo. Mbemba uja sitinamuonenso, ndipo okonza mseu anati pagulu lawo panalibe munthu wotelo. Usamve ngati ndikunena Abemba. Amene anandithandiza kupeza kumene atate ako anasungidwa anali mai wa Chibemba, mkazi wa wapolisi, amene anandinong'oneza pachitsime. Ashushushu, anthu aja omvetsela n'kukanena, alibe mtundu. Alipo Ansenga, alipo Achewa, ena timapemphela nawo. Koma uja anadziwa kuti munthu wa kuno ukamufunsa mwaulemu amatseka pakamwa, ukamufunsa mwa chimbuya amatsegula yekha. Kumbukila zimenezi, Yotamu.

Tsono usaganize kuti amai ako saphonya. Ndinaphonyapo, ndipo ndikuuza kuti uyeze wekha. Uli ku pulaimale kunali aphunzitsi aakazi, aSakala, amene anachita nawe chidwi kwambili. Ankakusunga anzako ataweluka, ankakubweleka mabuku, ankafunsa za kunyumba. Ine, bala la atate ako lili liwisi, ndinati ameneyu watumidwa. Ndinakuletsa kutsala kusukulu, ndipo nditakumana nawo pamsika ndinawapatsa moni wa pamphuno. Mai uja anabwela kunyumba, anakhala pamphasa n'kunena kuti, "Anyina Yotamu, ine nilibe mwana. Lekani niphunzitseko wanu." Ndinachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana. Popanda iwo sukanapita ku sekondale. Ndiye ndikudziwa kuti chilipo chidwi chopanda mbedza mkati. Chimene ndinaona pambuyo pake n'chakuti aSakala mafunso awo onse anali a iwe. Wadya? Wamvetsa samu? Nsapato zikukuthina? Sanakufunsepo zimene atate ako amakamba kunyumba.

Tsopano tiyeni kwa aMulenga ako. Bambo ameneyu, Mbemba nayenso, anafika pa boma pano chaka chatha. Ali ndi ofesi, ali ndi Landilova, koma funsa munthu aliyense nchito imene amagwila, aliyense akuuza yake. Ena amati ndi a zamalimidwe, koma sanafunsepo za mvula. Anthu tikamaima pamzele wa sopo ndi saladi, mafuta ophikila aja, iwo saima, koma amapezeka pomwepo, akucheza ndi uyu ndi uyu. Kumsika kuno anatigula tonse ndi chimbuya. Akafika pathebulo langa amathyola nthochi osapempha, n'kumadya akundinena kuti nthochi za Ansenga n'zazing'ono ngati nzelu zawo. Ine ndimawabwezela, timaseka. Sindikana, munthuyo amaseketsa.

Kenako anakuona iwe. Anamva kuti mwana wa mai wa nthochi wakhoza bwino, ndipo kuyambila pamenepo wakhala ngati mwana wawo. Anakupatsa kawailesi. Amakubweleka manyuzipepala. Amakutenga pagalimoto kupita ku Petauke popanda chifukwa. Iwe ukabwela umandifotokozela mokondwa, ndipo ine ndimamvetsela mafunso awo kuposa mphatso zawo. Anakufunsa kuti aphunzitsi a ku sekondale amati chiyani za mtengo wa unga. Anakufunsa kuti mwa anzako opita ku koleji wolankhula kwambili ndani. Anakufunsa ngati othawa nkhondo ku Mozambiki amafika kudimba kwa atate ako. Anakuuza kuti ku Lusaka ana a sukulu amakonda kuguba mumseu, ndipo mnyamata wanzelu ngati iwe angathandize dziko pongoona ndi kumva. Unati anakulonjeza kuti azidzakuyendela ku koleji mwezi ndi mwezi, kuti usamasowe sopo. Yotamu, ndiwe mwana wanga ndipo kwa ine ndiwe wokoma kuposa onse, koma sindiwe uchi. Galu wamkota sakandila pachabe. Pa mafunso onsewa ndiuze limodzi limene linali la iwe mwini.

Ndinauza atate ako. Anamvetsela, anayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Mwana ni mkulu lomba." Kenako anatenga khasu n'kupita kudimba. Usawaweluze. Kuyambila tsiku limenelo chakudya akungochitola pang'ono, ndipo ine amene ndimagona nawo nyumba imodzi ndikudziwa kuti sakupeza tulo.

Ndiye mailo, tsiku lapitali, ndinati ndiyese ndekha. Ndinaganiza kuti chimbuya si cha Abemba okha, nanenso ndili ndi ufulu pa iwo. AMulenga anafika pamsika dzuwa lili pamutu, basi ya ku Chipata itangochoka. Anathyola nthochi monga mwa masiku onse.

"Bana Yotamu," anatelo, monga amandiitanila mwa Chibemba chawo, "mwana wanu nimupeleka ku tauni, akaone magetsi. Mumuuze asakagwile mbewa mu koleji, kuli malamulo."

Amai a pamsika anaseka. Ine ndinapukuta manja pachitenje n'kunena mokweza, ndikuseka, kuti onse amve.

"Ambuya, imwe mafunso yanu yapaka monga nyelele. Tiuzeni lelo, kodi ndimwe a shushushu? Ngati ndimwe, lembani kuti nthochi zanga zikutha na anyani a ku boma."

Amai aja anafa nalo phwete. Ine maso anali pa aMulenga. Ukudziwa mmene mbuya amachitila ukamulasa. Amabweza chachikulu kuposa chako. Akanatha kunena kuti shushushu angamvetsele chiyani kwa Nsenga, munthu wongokamba za mbewa. Akanatha kutenga phava lonse la nthochi n'kuthawa nalo. Ndinali kuyembekeza zimenezo, ndipo ndinali kupemphela mumtima kuti achite zimenezo, kuti ndibwele kunyumba ndidzakupepese.

Sanabweze. Anamwetulila pang'ono ndi milomo yokha. Nthochi ija anali asanaisende, ndipo anaibweza pathebulo bwinobwino, pamalo pamene anaithyola. Kenako anati, "Amai Tembo, muzisamala pokamba. Mwana wanu ali na tsogolo labwino." Anapatsa moni amai ena mwaulemu n'kupita ku galimoto yawo.

Chaka chonse bambo ameneyu sanandichulepo kuti amai Tembo. Pamsika aliyense anayamba kukonza tomato wake amene anali wokonza kale. Ine ndinakhala pansi. Mwina ndinawapweteka mtima munthu wosalakwa, monga ndinachitila ndi aSakala. Mwina. Koma aSakala atapwetekedwa anabwela kudzakhala pamphasa. Awa anachula tsogolo lako.

Ukuganiza kuti tsopano ndikuuza kuti usakwele galimoto ija. Ndinafuna kutelo. Ndinafika mpaka pokwelela basi kukafunsa za malo. Koma pobwela ndinaona kuti kukana galimoto ya munthu wotele, utavomela kale, ndi yankho limene iye angalimve bwino kwambili, ndipo malo ako ku koleji ndi a boma. Amene anakupatsa angakulande. Ndiye ukwele. Uwapatse moni, uwathokoze, unyamule chikwama chawo.

Koma simukhala awili. Ndapita kwa amalume ako aDaka, ndipo ndawakumbutsa kuti maso awo aja akhala akufuna chipatala chachikulu kuyambila kale. AMulenga sakanakana kunyamula nkhalamba yodwala, ndinawapempha pamaso pa abusa. Amalume ako akhala pakati, kutsogolo. Ukuwadziwa. Khutu limodzi linafa, linalo limamva zimene likufuna, ndipo akayamba nkhani ya mbuzi zawo zimene zinadya thonje la aneba, adzafika nayo pamlatho wa Luangwa isanafike pakati. Usawadule. Ukaona nkhani ikutha, uwafunse za mlandu wa malile a munda. Masiku onse umathawa nkhani zimenezi, mailo uchite nazo chidwi. Amalume ako sindinawauze chifukwa chake, koma atandiyang'ana anati, "Mlongosi, nkhuyu zodya mwana zipota akulu," n'kuyamba kufuna jekete yawo.

Amalume adzakufikitsa pageti chabe. Kuchokela pamenepo uli wekha, ndipo n'chifukwa chake ndalemba zonsezi. AMulenga akadzabwela kudzakuona, usabisale. Ukawalandile, ukawauze za maphunzilo mpaka atope. Ukawafotokozele za mabuku, za samu, za nyemba zosapsa za ku koleji. Akakufunsa za mnzako, iwe sudziwa, unali kuwelenga. Akakuputa mwa chimbuya kuti a kum'mawa ndinu amantha, simukamba za dziko, ukavomele kuti ndife amantha. Gonja, mwana wanga. Akuseke. Atate ako anapambana pa chimbuya tsiku lija, anthu onse anawaombela m'manja. Sopo wawo usalandile kawili. Woyamba ndi mphatso, wachiwili amayamba kukufunsa kuti wabweza chiyani. Ine ndizikutumizila sopo ndi adalaivala a basi, ngakhale wodula pakati.

Ndipo usakasanduke ine. Usakaone mdani mwa aliyense wokupatsa moni. Ukapeze anzako, ukaseke, ukafunse aphunzitsi ako mafunso mpaka athawe. Ukakonde mtsikana ngati wapezeka, koma ameneyo tidzakambilana m'kalata ina yake. Munthu akachita nawe chidwi, ungomvetsela kumene mafunso ake akupita. Ngati akuthela pa iwe, mutsegulile. Ngati akungodutsa pa iwe kupita kwa anthu ena, ndiye kuti wakuona ngati njila.

Chimene ndikuopa kwambili sindinachinene. Sindikuopa chabe kuti angakutenge monga anatengela atate ako. Zimenezo ndinazionapo, ndikudziwa maofesi ake, ndingayendenso. Ndikuopa kuti angakukonde. Angakuuze kuti ndiwe wanzelu kuposa anzako, kuti zimene ukuchita n'zothandiza dziko, kuti ndi maina chabe, palibe amene apwetekedwe. Iwe umakonda kudziwa zinthu, ndipo adzakupatsa zinthu zambili zoti udziwe. Kwinakwake kuli mai wina amene usiku uno akulongedza chikwama cha mwana wake monga ine, ndipo mwana ameneyo adzagona chipinda chimodzi ndi iwe. Ndikaganiza kuti dzina lake lingadzatuluke pakamwa pako, chakudya chimandikanika.

Ndikumva mau ako kumseu, ukuseka ndi anzako, ndiye ndilekele apa. M'chikwama ndaikamo nsawawa, bulangeti la atate ako ndi juzi ija umati ndi yachikale. Ku Lusaka kumazizila, udzaivala.

Ukadzabwela pa tchuthi ndidzakuchingamila pamseu, ndidzakuphela nkhuku. Tidzakhala pakhonde pano, ndipo udzandifunse chilichonse, za mwendo wanga wowawawu, za dimba, za amene wakwatiwa ndi amene wamwalila. Koma ukadzakhala pafupi n'kundifunsa mokoma kuti, "Amama, nanga anthu pamsika akamba vichani masiku yano?" ndidzakuyang'ana, mwana amene ndinabala ndekha, ndipo ndidzakuuza kuti mvula chaka chino yabwela bwino. Usadzandifikitse pa tsiku limenelo, Yotamu.

Mulungu akutsogolele panjila.

Ndine amai ako,
Anyina Yotamu